Kuchotsa mkuwa ndi zitsulo zina m'zipangizo zamagetsi zakutha popanda moto kapena asidi

Kuseri kwa timashopu tokonzera mafoni ndi mawailesi ku Kapata ndi ku Down Shops, m'tauni ya Chipata muno m'Zambia, kumakhala milu ya katundu amene eni ake sanabwerenso kudzatenga: ma TV a chimsana, mafani, mainiveta a sola opsa, matchaja, mafoni ofa. Kumidzi nako, kuyambira ku Chadiza mpaka ku Lundazi, mabatire a sola otha mphamvu angokhala pakhonde kapena pansi pa nkhokwe. M'zinthu zimenezi muli mkuwa, aluminiyamu, chitsulo, mtovu, siliva ndi golide pang'ono. Ambiri ofuna zitsulozi amathamangira moto, ndipo ena amene anaonera mavidiyo pa intaneti amafuna kuyesa asidi. Njira ziwirizi zimawononga mapapo, nthaka ndi madzi, komanso zimatsitsa mtengo wa katundu amene mukufuna kugulitsayo. Ntchito ya munthu wa pabwalo laling'ono ndi kumasula, kusenda, kupatula ndi kuyeza. Kusungunula n'kwa mafakitale okhala ndi zosefera utsi.

Malo ndi zida

Pezani malo a denga losadontha, pansi pa simenti, odutsa mphepo bwino. Asakhale pafupi ndi chitsime, dimba kapena mtsinje ngati Lunkhwakwa, chifukwa fumbi lililonse logwera pa dothi mvula imalikokolera kumeneko. Asakhalenso pamene amayi amaphikira kapena kuyanika ufa ndi mtedza. Ana ndi amayi oyembekezera asamalowemo n'komwe. Mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa zedi, ndipo ife a m'dziko muno tili ndi chitsanzo ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi la m'makomboni ozungulira likudwalitsabe ana mpaka lero.

Zida sizochuluka: masikuludiraiva amitundumitundu kuphatikizapo ting'onoting'ono ta mafoni, pulayasi, chodulira mawaya, mpeni wakuthwa, hamala, tchizulo, sowo yodulira zitsulo, tupa, maginito ndi sikelo yanu. Maginito musagule, mudzawachotsa mu sipika yakale kapena mu hard drive, chosungira zinthu cha m'kompyuta. Pathupi valani magolovesi ochindikala, magalasi oteteza maso, nsapato zotseka ndi chophimba pamphuno cha N95. Kansalu wamba sikatchinga fumbi la mtovu. Konzani matumba kapena zigubu zolembedwa mayina, chilichonse cha mtundu wake, ndi ndowa yachitsulo yokhala ndi mchenga wouma.

Musanayambe kuunjika katundu, funsani a ZEMA, bungwe la boma loyang'anira za chilengedwe, za chilolezo. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 ndi malamulo otsatira pake amafuna kuti wosunga kapena kunyamula zinyalala zoopsa akhale ndi laisensi, ndipo mabatire a mtovu ali m'gulu limenelo. Kukhonsolo pitaniko pa za chilolezo cha bizinesi.

Katundu akafika

Lembani m'buku dzina la wogulitsa, nambala ya NRC yake, chimene wabweretsa ndi kulemera kwake. Nthambo za ZESCO kapena Zamtel, zitsulo za thiransifoma ya pamsewu, ndi mawaya atsopano odulidwa mofulumira musagule, ngakhale mtengo utakoma chotani. Ndi zakuba zimenezo, ndipo wolandira zakuba mlandu ndi wake nayenso.

Kenako yesani ngati chinthucho chafadi. Fani yambiri imaima chifukwa cha kapasita yokha (kachipangizo kosunga magetsi), iniveta chifukwa cha fyuzi, laputopu chifukwa cha tchaja. Sikirini ya foni, RAM (kakhadi ka memory ka m'kompyuta) ndi mota yogwira ntchito zimagulidwa ndi amisiri pa mtengo woposa kutali wa zitsulo zimene zilimo. Muphwasule chokhacho chimene sichingadzukenso. Mukapeza SIM khadi kapena memory khadi m'foni, ibwezeni kwa mwini wake kapena ithyoleni, ndipo hard drive yosafunikanso iboleni ndi drili malo atatu kuti zinsinsi za anthu zisayende.

Chotsani zoopsa musanakhudze china chilichonse

Apa mpamene ambiri amavulalira, choncho pafunika kudekha.

Batire la foni, la laputopu kapena la nyale ya sola nthawi zambiri ndi la lithiyamu. Likabooka, kupindika kapena mbali zake ziwiri zikagundana ndi chitsulo, limatentha lokha mpaka kuyaka, ndipo moto wake umavuta kuzimitsa. Lichotseni ndi kachida kapulasitiki, osati nsonga ya mpeni. Matani tepi pa timitu take, muliike m'ndowa ya mchenga, pamthunzi, kutali ndi mapepala ndi mafuta. Lotupa ngati mtsamiro musalifinye kuti muone, liikeni palokha panja, kutali ndi denga la udzu.

Batire la galimoto kapena la sola lalikulu lija lili ndi mtovu wokwana pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwake, kutanthauza kuti la makilogalamu 15 lili ndi mtovu pafupifupi makilogalamu 9. N'chifukwa chake anthu amakopeka kuliswa ndi nkhwangwa, kukhuthulira asidi pansi ndi kusungunula mtovu pa mbaula. Mtovu umasungunuka msanga, pa madigiri 327, ndipo utsi ndi fumbi lake zimakhala pa zovala, pa tsitsi ndi pabwalo kwa zaka. Batire ligulitseni lathunthu, asidi ali momwemo. Lisungeni choimirira, zotsekera zili pamwamba, pa thabwa, osasanjikiza opitirira awiri popanda katoni pakati. Asidi akatayikira pansi, thiranipo soda kapena laimu mpaka thovu litasiya, ndipo muwole ndi fosholo. Akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako mupite kuchipatala.

TV ya chimsana ndi monita yakale zimasunga magetsi ngakhale patapita masiku zitazimitsidwa. Mangani waya pa chitsulo cha sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki, mbali inayo muimange pa waya wosakutidwa wozinga chubu, kenako lowetsani nsonga pansi pa kachipewa ka labala kali pambali pa chubucho. Mudzamva kuthetheka, ndiye kuti magetsi atuluka. Chubu chenichenicho musachiswe. M'kati mwake mulibe mpweya, ndiye chikasweka chimaphulika n'kumwaza magalasi, komanso galasi la kumbuyo lili ndi mtovu wopitirira kilogalamu imodzi pa TV yapakatikati. Chuma chake chili kunja: koyilo ya mkuwa ya pakhosi pa chubu imene imachoka mukamasula kasikuluwu kamodzi kapena tiwiri, ndi chingwe chokutidwa ndi tepi yakuda chozungulira m'mphepete mwa sikirini. Chingwechi china ndi mkuwa, china aluminiyamu.

Ma TV ndi malaputopu opyapyala akale ali ndi timachubu toyera towunikira kumbuyo kwa sikirini, tochepa ngati udzu, ndipo muli mekyule, chitsulo chamadzimadzi cha poizoni. Tichotseni tathunthu, tikulungeni m'pepala ndi kutisunga m'paipi yotseka mbali zonse. Mababu ataliatali ndi opotana aja chimodzimodzi. Mu microwave muli kapasita imene imasunga mphamvu yofika mavolti 2,000, yokwanira kupha munthu, choncho yambani mwagundanitsa timitu take ndi pulayasi ya zogwirira zokutidwa. Kachubu kake kotulutsa mafunde kali ndi kadothi koyera kapena kapinki kamene pa mitundu ina fumbi lake ndi poizoni, ndiye musakapale kapena kukaswa.

Firiji musaidule mapaipi. Gasi wa R600a wa m'mafiriji ambiri atsopano amayaka, ndipo R12 wa akale amawononga chophimba cha kumwamba chimene chimatitchinjiriza ku ukali wa dzuwa. Itanani mmisiri wa mafiriji wokhala ndi silinda yokokera gasi, akatha m'pamene muchotse kompuresa.

Kusenda mawaya

Ndalama zambiri za tsiku ndi tsiku zili pa mkuwa wa m'mawaya, ndipo mpamenenso chiyeso chowotcha chimakulira. Chikopa cha mawaya ambiri ndi pulasitiki wa PVC. Akapsa amatulutsa utsi wa asidi wolasa pakhosi ndi poizoni wotchedwa dioxin amene amagwera pa masamba, pa udzu ndi pa dothi, nkhuku n'kutola, poizoniyo n'kudzafika m'mazira. Mkuwa wowotcha umada, umathothoka timamba tofiira takuda ndipo timawaya tating'ono timathera m'phulusa. Ogula amauika m'gulu lotsika kusiyana ndi wosenda wonyezimira. Mwataya kulemera, mwatayanso mtengo.

Yambani ndi kupatula mawaya monga mwa kunenepa. Dulani mapulagi ndi timitu tonse, muike padera chifukwa mapini ake ndi brass, chitsulo chachikasu chija, ndipo ali ndi mtengo wakewake. Dulani mawayawo zidutswa za mita imodzi. Ayanikeni pa lata padzuwa kwa ola limodzi, kapena m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi aviikeni m'madzi otentha kwa mphindi zisanu. Chikopa chikafewa chimang'ambika mosavuta.

Chosendera mungapange nokha. Tengani thabwa lolimba lonenepa masentimita asanu, mubowole mabowo anayi kapena asanu osiyana kukula, kuyambira mamilimita atatu mpaka 12. Pamwamba pa bowo lililonse lowetsani sikuluwu yonoledwa nsonga ndi tupa, mopingasa, mpaka nsongayo itangotulukira pang'ono m'bowomo. Khomerani thabwalo pa benchi. Mukalowetsa waya m'bowo lomuyenera n'kumukoka mbali inayo ndi pulayasi, nsonga imalemba mzere m'chikopa kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo chikopacho chimasendeka ngati cha nzimbe. Mukaona timizere towala pa mkuwa kapena tizingwe tikuduka, sikuluwu yalowa kwambiri, ibwezeni theka la kuzungulira. Chikopa chikakana kutseguka, yalowa pang'ono. Ogwiritsa mpeni azikankhira kutali ndi thupi, waya atagona pa thabwa, osati pa ntchafu.

Kuti mudziwe chimene mukugula, kumbukirani kuti waya wa m'nyumba wa 2.5 mm² uli ndi mkuwa pafupifupi magalamu 22 pa mita, ndipo wa 1.5 mm² pafupifupi magalamu 13. Mamita 100 a waya umodzi wa 2.5 amapereka makilogalamu awiri ndi pang'ono. Pa mitundu ina yesani nokha: yezani kilogalamu imodzi, sendani, yezaninso mkuwa wokha, mulembe m'buku. Mukatero kamodzi pa mtundu uliwonse, simudzalipiranso mtengo wa mkuwa pa pulasitiki. Timawaya ta matchaja ndi ta zomvera m'makutu tili ndi mkuwa wochepa moti kutisenda n'kutaya tsiku. Tiunjikeni m'thumba ndipo mutigulitse tili ndi chikopa kwa amene ali ndi makina ogaya ndi kupeta.

Chenjerani ndi mawaya onyenga. Ambiri otchipa a masipika, a sola ndi ma extension ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba pokha. Palani ndi mpeni, mukaona koyera m'kati ndi ameneyo. Amadziwikanso ndi kupepuka, pakuti mkuwa umalemera kuposa aluminiyamu katatu ndi kupitirira. Waya wa pakati pa chingwe cha dishi nthawi zambiri ndi chitsulo chopakidwa mkuwa, maginito amamukoka. Kachidutswa kamodzi kotere kakapezeka m'thumba la mkuwa wabwino, wogula amatsitsa mtengo wa thumba lonse.

Mamota, mathiransifoma ndi makompuresa

Mota ya fani, ya pampu kapena ya makina ochapira imakhala ndi mkuwa wozungulira gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Musanavutike nayo, palani koyilo ndi tupa, chifukwa zambiri zatsopano anakulunga ndi aluminiyamu wopakidwa vanishi wofiirira. Ikakhala ya aluminiyamu, igulitseni yathunthu. Ikakhala ya mkuwa, masulani chikwama, chotsani chozungulira cha pakati, ndipo gwirani chotsalacho pa vaisi. Dulani mutu wonse wa koyilo mbali imodzi ndi tchizulo kapena sowo, molingana ndi chitsulo. Tembenuzani, lowetsani sikuluwudiraiva yaikulu pansi pa mutu wa mbali inayo ndi kukanula, mtolo ndi mtolo. Ikamakana, gogodani ndi kachitsulo kuchokera kumene mwadula. Musaiotche kuti vanishi afewe. Mkuwa wa vanishi uli ndi gulu lake ndipo umagulidwa momwemo.

Thiransifoma yaing'ono imakhala ndi timapepala tachitsulo tolumikizidwa ndi mzere wa kuwotcherera m'mbali. Menyani tchizulo pamzerepo, mutu umachoka, koyilo n'kutuluka ndi hamala. Kompuresa ya firiji yambani mwaipendeketsa kuti mafuta onse akhuthukire m'chigubu chotseka, muisiye ikudontha usiku wonse, ndipo m'mawa muidule motsatira mzere wowotcherera. Mafutawo asathiridwe m'ngalande kapena m'chimbudzi.

Zotsala zonse zidutse pa maginito. Chokokedwa ndi chitsulo wamba, chotchipa koma chochuluka. Chosakokedwa, chopepuka ndi choyera, ndi aluminiyamu, ndipo zoziziritsira za m'makompyuta ndi m'mainiveta zili ndi mtengo woposa zikwama zoumba za mamota, choncho musazisakanize. Chotsani masikuluwu onse achitsulo pa aluminiyamu.

Mabodi ndi nkhani ya golide

Golide alimodi m'mabodi, timatabwa tija tonyamula tizipangizo ta m'kati mwa foni, kompyuta ndi wailesi, koma tiyeni tiwerenge. Foni imodzi imakhala ndi golide pafupifupi magalamu 0.03. Kuti mupeze galamu imodzi mufunika mafoni opitirira 30, ndipo apo ndiye kuti simunataye kalikonse, chinthu chimene sichichitika pabwalo. Timizere tachikasu ta m'mphepete mwa RAM tangopakidwa pamwamba, mopyapyala kuposa tsitsi maulendo makumi angapo. Pamene dziko la Japan linkapanga mamendulo a masewera a Olympic a Tokyo 2020, linasonkhanitsa zipangizo zakutha zolemera pafupifupi matani 79,000 komanso mafoni opitirira 6 miliyoni, ndipo golide amene anapezeka anali makilogalamu 32 okha.

Njira ya asidi yoonetsedwa m'mavidiyo imatulutsa utsi wofiirira umene umapsereza mapapo. Choopsa chake n'chakuti munthu amatha kumva bwino madzulo, usiku mapapo n'kudzaza madzi. Pa kagalamu kamodzi ka golide mumatsala ndi malita ambiri a madzi a asidi odzaza mkuwa, mtovu ndi nikelo, ndipo palibe koyenera kukawataya m'komboni. Mekyule amene ena osefa golide m'mitsinje amagwiritsa ntchito amawononga ubongo ndi impso, ndipo cyanide amapha m'mphindi zochepa. Kuwotcha mabodi pa mbaula kuti tizipangizo tigwe nakonso n'kupuma mtovu, chifukwa mtovu wowotcherera wakale, wosakanizidwa ndi chitsulo china, umasungunuka pa madigiri 183 okha.

Mafakitale monga Umicore ku Hoboken m'dziko la Belgium ndi Boliden ku Sweden amachotsa pafupifupi golide yense pamodzi ndi siliva, palladium ndi mkuwa, utsi ndi madzi zikusefedwa. Mu 2024 a Royal Mint, opanga makobidi a dziko la Britain, anatsegula fakitale ku Wales yochotsa golide m'mabodi ndi mankhwala osafuna ng'anjo. Palinso njira yogwiritsa tizilombo ta mabakiteriya todya zitsulo, koma imatenga masiku ambiri, imafuna matanki oyang'aniridwa bwino, ndipo madzi ake amakhalabe a asidi. Zonsezi zimadalira munthu amene wasonkhanitsa mabodi oyera, ouma, opatulidwa bwino. Malo anu pa mzerewu ndi amenewo, ndipo amalipira.

Apatuleni m'magulu atatu. Apamwamba ndi mabodi a mafoni, RAM, maprosesa, mabodi a pansi pa hard drive ndi makadi okhala ndi timizere tagolide. Apakati ndi mabodi aakulu a makompyuta ndi malaputopu, obiriwira mbali zonse, odzaza timachipu. Otsika ndi a ma TV a chimsana, mawailesi ndi matchaja, amene mbali imodzi ndi ofiirira ngati katoni. Pa bodi lililonse chotsani kabatire kozungulira ngati khobidi, zoziziritsira za aluminiyamu ndi zitsulo zikuluzikulu, pakuti zimangowonjezera kulemera kopanda phindu ndi kutsitsa gulu. Koma timachipu ndi mapini musazule. Bodi lozulidwa wogula amalizindikira msanga ndipo amaliponya m'gulu lotsikitsitsa. Musawaswe, musawagaye, ndipo muwasunge m'makatoni pamwamba pa thabwa kuti chinyezi cha dzinja chisawadye.

Zotsala ndi ukhondo

Zikwama zapulasitiki za ma TV ndi makompyuta zambiri zinathiridwa mankhwala oletsa moto, ndipo zikapsa utsi wake ndi poizoni. Musakolezere mbaula, musapatse ana kuti aziseweretsa, musasungiremo chakudya. Zisungeni m'matumba akuluakulu, ndipo pogwirizana mtengo ndi wogula zitsulo mufunseni ngati angatengenso mapulasitiki, zikopa za mawaya ndi machubu a TV. Kulola kutsitsa mtengo pang'ono kuti atenge zonse n'kwabwino kuposa kutsala ndi mulu umene mapeto ake ndi moto. Zimene palibe wozitenga, a khonsolo ndi a ZEMA akuuzeni kozipititsa.

Pansi musasese ndi tsache louma. Wazani madzi, kolopani, ndipo nsanzayo ikhale ya pamalopo basi. Zovala zantchito zitsale kuntchito ndipo zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi za ana. Sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zikhadabo musanagwire nsima. Pamalo antchito pasadyedwe kanthu, pasasutidwenso fodya.

Kugulitsa

Ogula akuluakulu ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita opitirira 550. Thumba limodzi kapena awiri phindu lonse limathera pa thiransipoti. Gwirizanani anthu angapo, a ku Katete, Sinda ndi Petauke omwe, kuti mudzaze galimoto imodzi, aliyense katundu wake atayezedwa ndi kulembedwa asanakwezedwe. Mabatire a mtovu akwere choimirira, omangidwa, ndi wonyamula wokhala ndi laisensi, ndipo asayende pamodzi ndi chimanga, mtedza kapena soya. Mabatire a lithiyamu akhale m'chigubu chawochawo, otchingidwa ndi mchenga. Mpata wa Mwami uli pafupi, koma kuwolotsa zinyalala zoopsa kupita ku Malawi kapena kuzilowetsa kuno kumafuna chilolezo cha maboma onse awiri motsatira pangano la Basel la 1989.

Funsani mitengo kwa ogula awiri kapena atatu pa foni musananyamuke, ndipo muwatumizire zithunzi za gulu lililonse kuti mugwirizane gulu lake katundu asanachoke pabwalo. Pemphani kuona chilolezo chawo cha ZEMA. Mukafika, ikani pa sikelo yawo chinthu chimene mukudziwa kale kulemera kwake, monga chigubu cha malita asanu a madzi chimene chiyenera kuonetsa makilogalamu asanu ndi pang'ono. Thumba lililonse liyezedwe palokha inu mukuona, ndipo risiti ilembe gulu, kulemera ndi mtengo wa kilogalamu. Manambala a pa risitiyo muwakopere m'buku lanu pafupi ndi zimene munalipira pogula, kuti ulendo wotsatira mudziwe mtundu wa katundu woyenera kuulondola ndi woyenera kuusiya.